Bodza lomwe timatumiza pamodzi ndi ndalama

Ndikulemba izi ndili ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, kumene ndabwera kudzaona amayi anga patatha zaka 9 ndikugwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg, ndipo zomwe ndamva pakhomo pano zandisowetsa tulo.

Amayi sanakaponye voti pa 16 September 2025, ngakhale analembetsa m'kaundula ndipo chiphaso chawo anachisunga bwino m'Baibulo. Chomwe chinawabweza ndi uthenga wa mawu pa WhatsApp wochokera kwa mnyamata wina wakuno amene timakhala naye ku Joni, wonena kuti zotsatira zinalembedwa kale m'makompyuta, choncho kukaima pamzere n'kungodzivutitsa. Nditamufunsa pa foni komwe anazitenga, anandiyankha kuti nayenso anangotumiziridwa.

Bodza limeneli linamera msanga chifukwa linagwera pa chilonda chenicheni. Tonse tikukumbukira mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex pa chisankho cha 21 May 2019, komanso kuti pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatira za mpando wa pulezidenti, anthu n'kukavotanso pa 23 June chaka chomwecho. Koma ofalitsa mphekesera satchula mbali inayo, yakuti chinyengocho chinaonekera poyera chifukwa mavoti amawerengedwa pamalo oponyera pomwepo, mamonitala a zipani akuona, ndiponso kuti mu 2020 ndi mu 2025 mtsogoleri amene anali pampando anagonja ndi mavoti a anthu wamba onga amayi angawa. Amayi analandidwa mawu awo popanda aliyense wowaopseza ndi chikwanje.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti ife okhala kunja ululu wa bodza la ndale timaudziwa ndi thupi lathu. Ku South Africa chisankho chikamayandikira, andale ena amayamba kulalikira kuti alendo ndife amene tinamaliza ntchito ndi kudzaza zipatala, ndipo pa Facebook pamamveka kuti tikuvota mobisa, pamene lamulo la kumeneko limalola nzika zokha. Ziwawa zothamangitsa alendo zomwe zinayambira ku Alexandra, dera la ku Johannesburg, mu May 2008 zinapha anthu 62, ndipo mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake othawa ziwawa zina. Mpaka lero, nyengo ya kampeni ikafika timatseka zitseko dzuwa lisanalowe, ndipo mu minibasi timapewa kuyankha foni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Ndiye zimatheka bwanji kuti munthu amene amagona ndi mantha chifukwa cha mabodza a ena, madzulo omwewo akhale pansi n'kumatumiza mabodza ake kumudzi?

Komanso lamulo la Malawi silitilola kuvota tili kunja. Mphamvu yathu ili m'ndalama za fizi, za feteleza ndi za malata zomwe timatumiza, ndipo ku Chiputula, ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa mawu a wotumiza ndalama satsutsidwa. Makolo amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, choncho chilichonse chochokera ku Joni amachilandira ngati cha munthu amene waona zambiri, osadziwa kuti ambiri mwa ife nkhani za kwathu timangozimvera m'magulu a pa foni tikaweruka titatopa.

Dzulo amayi anandifunsa kuti, “Mwana wanga, nanga ngati a ku Joni akunama, ine ndizimvera ndani?” Ndinawauza kuti uthenga wotero ukadzabweranso adzayambe aimbira ine asanaukhulupirire, koma mumtima ndinachita manyazi, chifukwa m'gulu lomwe uthengawo unachokera inenso ndilimo, ndinaumva tsiku lomwelo, ndipo sindinalankhule kanthu.