Mukudikira kuti mtengowo ugwere mwana kaye?

Lachitatu usiku, mphepo ija itawomba, mtengo wa mango wa aneba athu unagwera khitchini, malata onse phwanyu. Mbuzi ziwiri zinafera pomwepo. Chipinda chimene amagona agogo ndi zidzukulu zawo chinapulumuka ndi mikono iwiri yokha. Kutacha anthu tinasonkhana, ena nkumati ndi ngozi, ena mpaka kunong'onezana za ufiti. Ufiti wake uti? Ine ndinapita kukasuzumira tsinde lake. M'kati monse munali mphako, chiswe chili nyakanyaka, khungwa lokha ndilo limanamiza anthu. Mtengo umene uja unayamba kufa kalekale tonse tikuona ndi maso athu.

Inu anthu, mwatani kodi? Mango amakhala obiriwira chaka chonse, ndiye mukaona nsonga zake zauma pakati pa dzinja, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, simudabwa? Musandiuze za msangu. Msangu umayoyola masamba m'dzinja mwachibadwa chake, mlambe nawo umavula m'chilimwe, zimenezo aliyense wokulira kumudzi amazidziwa. Koma mango, bulugama kapena keshya wouma kumutu, makungwa akusendeka okha, bowa atamera patsinde, dothi litang'ambika mbali imodzi mtengo ukupendekera kunyumba, inu nkumayalabe mphasa pansi pake? Nkumangirirapo chingwe cha katungwe wa ana?

Chondiwawa nchakuti mitengo yambiri tikuipha ndife. Zinyalala zonse za pakhomo mumakatenthera patsinde, tsiku ndi tsiku, chaka chathunthu. Wina wakumba dzenje la chimbudzi nkudula mizu ikuluikulu ya mbali yonse, ati ikusokoneza. Wina wasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse pofuna mankhwala a m'mimba. Mtengo wosendedwa mozungulira sukhalanso moyo, umangoima kudikira tsiku. Ndiye mumafuna uimirire ndi chiyani?

Pitani kusukulu zathu mukaone ana a Sitandade 1 akuphunzira pansi pa mitengo imene nthambi zake zinauma aphunzitsi awo asanabwere pamalopo. Pamsika amayi ayala tomato pansi pa bulugama, mtengo umene umathothola nthambi ngakhale kunja kuli bata. A komiti alipo, amfumu alipo, onse amadutsa pomwepo. Mvula ndi mphepo ya Freddy mu Marichi 2023 tayiwala kale? Dothi likakhuta madzi, mizu yoola siigwira kanthu.

Tsono ena akazindikira, amachita zoopsa kuposa. Amaitana kamnyamata ka pamudzi, kachikwanje m'manja, mwina katalawako kale kachasu, ati kwera udule, tikupatsa ya sopo. Opanda chingwe, opanda wina womuuza kumene nthambi igwere, mawaya a magetsi ali pomwepo. Nthambi yofumbwa imaoneka yolimba mpaka utaiponda. Akagwa mwana wa eni akeyo, mukawauza chiyani makolo ake? Kapena mudzagula bokosi ndi ndalama imene munkaumira ija?

Alangizi a zankhalango alipo m'maboma monse. Aitaneni adzaone ngati mtengowo ungachire pongosadzula nthambi zodwala, kapena ngati uyenera kugwetsedwa. Mitengo ina imapulumuka ndithu ikaonedwa msanga, ndipo ine sindikuti tizingodula chilichonse, mthunzi tatsala nawo wochepa kale. Ukakhala pafupi ndi mawaya, uzani a ESCOM, musakhudze nokha. M'tauni yambani mwafunsa kukhonsolo. Ndipo ntchitoyo apatseni anthu oidziwa, okhala ndi zingwe ndi makina, odula kuyambira kumwamba pang'onopang'ono.

Aneba athu aja tinawauza chaka chatha, pamaso pa anthu. Anayankha kuti mtengowo anadzala ndi malemu bambo awo, ndiye sungadulidwe. Lero akutola malata ophwanyika.

Tulukani panja pompano mukagogode thunthu la mtengo umene uli pakhomo panupo. Ukalira ngati ng'oma, chotsanipo ana lero lomwe. Musadzatiitane kumaliro a dala.