Pa nkhani ya chikuku m'nkhalango, a ku Scotland atisiya kutali

A ku England anzanga mungondikhululukira. Ndimakhala kuno, msonkho ndimakhoma kuno, koma tikanena zoyenda ndi munthu wa pa chikuku m'nkhalango, aneba athu akumpotowa atipitirira.

Chandiyankhulitsa ndi Glencoe Lochan, kanyanja ka m'nkhalango ku Scotland. Amayi chiwagwireni sitiroko amayendera kasikuta ka batire, ndipo tinali titazolowera kuti tikafika pamalo okongola, iwo amatsala poimika magalimoto ndi fulasiki ya tiyi. Uku ayi. Njira yozungulira kanyanjako ndi ya mailo imodzi kapena kuchepera pang'ono, yotakata, yotsendereka bwino moti matayala satitimira. Mpanda woti mukwere palibe. A Forestry and Land Scotland, oyang'anira nkhalango za boma, amalemberatu kuti njira iyi ndi yosavuta, iyo ili ndi zitunda, ndiye munthu umasankha usanavutitse batire. Amayi anatisiya m'mbuyo ife tili wefuwefu, iwo akuloza phiri la Pap of Glencoe likuoneka m'madzi, uku akukuwa kuti, "Fulumirani kodi, mwakalamba?" Mitengo yambiri pamenepo ndi ya ku North America. Anaibzalitsa Lord Strathcona m'zaka za m'ma 1890 kuti mkazi wake wochokera ku Canada asamapukwe kwawo. Ife a kunjafe nkhani imeneyi sitifuna wotimasulira.

Ndiye si njira yokhayo, ndi lamulonso. Ku Scotland lamulo la 2003 limalola munthu kuyenda pafupifupi paliponse, pamtunda ndi pamadzi, bola asawononge za eni. Zoyendera injini n'zoletsedwa, koma sikuta ya munthu waulumali anaipatula, ikuloledwa. Kuno lamulo la 2000 linangotsegula malo ojambulidwa pa mapu, pafupifupi 8 peresenti ya dziko lonse. Kwina konseko muziyenda m'kanjira kanu basi, osapatuka.

Nanga kanjirako kali bwanji? Mukangoyenda pang'ono, makwerero a pampanda. Mukapulumuka amenewo, kageti kaja ka kissing gate, kamene ngakhale munthu wobereka mwana amalowa chammbali. Mwezi watha m'mphepete mwa damu lina kuno tinabwerera panjira madzi tikuwaona apo, chifukwa cha kageti kamodzi. Lamulo silikuletsani kudutsa ndi sikuta, chimakubwezani ndi chitsulo. Mukafunsa, akuti nkhosa zingathawe. Ngati kuti ku Scotland kulibe nkhosa! Mageti ena amatseguka ndi kiyi ya RADAR, kiyi yapadera ya anthu aulumali, inde, koma mukaiwala kiyiyo kunyumba ulendo watha.

Chabwino, ndisaname. Kuno kulinso malo oti ulemu uwapatse. Ku Lake District kuli njira zopanda makwerero a pampanda zotchedwa Miles without Stiles, ku Tarn Hows amabwereketsa sikuta yolimba ija ya Tramper, ndipo ku Kielder, pafupi ndi malire penipeni, njira ya Lakeside Way imazungulira nyanja mailosi 26. Vuto ndi loti kuno uyenera kufufuza kaye pa intaneti ngati ukufunafuna ntchito, kuti upeze pamene anakukumbukira.

Nawonso a ku Scotland asadzitame kwambiri. Lamulo silizula mizu ya mitengo, ndipo njira zambiri za m'mapiri mwawo ndi matope okhaokha. Komanso timidges tawo tija, tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma! Kuyambira June mpaka August, madzulo kukakhala bata m'mbali mwa madzi, timakuunjikira kumaso, ndipo wa pa chikuku ndi amene timamudya kwambiri chifukwa sathamanga. Mafuta othamangitsira tizilombo musasiye.

Zonsezo ndavomera, koma mavoti anga apita kumpoto. Ulendo wotsatira ndi wa ku Loch Katrine, kumene anthu a ku Glasgow akhala akumwa madzi ake kuyambira 1859. Kuchokera pa Trossachs Pier msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi wa tala, magalimoto ndi apo ndi apo. A ku Glasgow, konzani ufa, tidzera kwanuko.