Miyezi inayi ku Glasgow, ndabwera ndi chani?

Chibwerereni changa funso ndi lomwelomwelo, kutchalitchi, pa siteji ya Chinamwali, olo anzanga a ku Chikanda amene tinkagawana bonya mwezi ukafika pakati: watibweretsera chani? Ena nde amachita kunena poyera kuti aise ukanangotsala konko, wabwerera chani kuno mmene zinthu zakwereramu. Nde ndati ndilembe kamodzi pano, amene awerenge awerenge, chifukwa pakamwa ndimalephera kufotokoza bwinobwino.

Ndinapita ku Glasgow, ku Scotland, mu September 2023 pa pologalamu yosinthana ophunzira, semesita imodzi yokha, kubwerako Khrisimasi itayandikira. Ndisanakwere ndege ija ndinali ndisanatulukepo m'Malawi muno, olo pa Milange pompa. Tsiku lolongeza amayi anandiponyera mthiko mu sutikesi pansi pa zovala, ine nkumati amayi kumeneko kuli chilichonse, iwo amvekere "tenga mwanawe, nsima saphikira sipuni". Sindinatsutsenso.

Za kuzizira zimene anthu amanena ndi zoona, koma chimene palibe anandichenjeza ndi mdima. Mu December 4 koloko isanakwane dzuwa lalowa kale, mmawa kumacha hafu 8 itadutsa, umalowa mkalasi kuli mdima kutulukanso kuli bii, kamvula kowaza kosatha. Ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kukhala ndi chipinda changachanga, ukatseka chitseko zii, palibe wogogoda kudzabwereka chaja kapena kupempha mchere. Kwathu ndinkadandaula za phokoso la ana ndi wailesi ya aneba, koma sabata yachitatu kumene kuja ndinakhala pa bedi nkulira ngati kwagwa maliro, chondipweteka chenicheni osachidziwa. Anthu ake si oipa ayi, ndisawanamizire. Potsika basi aliyense amathokoza dalaivala, ukasochera amakulondolera mwaulemu. Kungoti palibe amene amakufunsa kuti mwadzuka bwanji nkuyima kudikira kuti uyankhe.

Tsiku lina ndinapeza ufa woyera mu kashopu ka anthu a ku West Africa, wodula koma ndinagula. Ndikutakasa nsima mkhitchini ya tonse ija, mthiko wa amayi uli m'manja, panalowa mtsikana wina wa ku Kenya amene tinkangodutsana pakhomo osalankhulana, anangoyima nkukuwa kuti ugali! Tinadya limodzi ndi kabichi ndi mazira, pamanja, titayimirira. Kuchokera pamenepo ndinazindikira kuti kumeneko ukadikira kuti anthu akupeze uzafa ndi msunamo, umayenera kudzuka wekha kukagogoda. Ine amene kuno ndinali wamanyazi, wongodikira kuitanidwa, ndinayamba kugogoda zitseko za anthu Lachisanu lililonse kuti bwerani kuli nsima.

Koma nkhani yeniyeni imene ndikufuna kunena ndi ya mkalasi. Timakhala anthu ochepa kuzungulira tebulo, alekichala ali pakati pathu, ndipo tsiku loyamba lomwe anati tiziwatchula dzina lawo loyamba. Lilime langa linakana mpaka semesita kutha, mayi wamkulu ngati amene uja ndingamutchule dzina ine? Chimenecho sindinasinthe ndipo sindikufuna kusintha. Chimene chinandivuta ndi choti amangokuloza nkufunsa kuti iwe ukuganiza bwanji, osati buku likuti chani. Ife tinakula ndi mawu oti mwana sayankha akulu akamalankhula, ku pulayimale mpaka ku sekondale timaloweza kuti tikhoze mayeso, nde kutsutsa munthu amene analemba buku ndinkaona ngati mwano. Asayimenti yanga yoyamba inabwera ndi ndemanga yoti ndawerenga zambiri koma iwo sakundimva ine mwini wake penapaliponse. Ndinakhumudwa masiku awiri, kenako ndinapita ku ofesi kwawo ndekha kukafunsa kuti nditani, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa mphunzitsi aliyense chibadwire.

Nde panali tsiku limene sindizaliiwala. Tinkakambirana za mmene anthu a mu Africa ankakanira atsamunda, alekichala aja nkutembenukira kwa ine mokondwa, akuti tili ndi mwayi lero tili ndi munthu wa kwawo kwa John Chilembwe, tatiuzeni anthu kwanu amamuona bwanji. Ine ndinatchula zimene ndinaloweza, 1915, PIM (mishoni yake ya Providence Industrial Mission), Chiradzulu, 15 January ndi holide, nkhope yake ili pa ndalama. Basi zinathera pompo. Mnyamata wina wa konko anayamba kufotokoza za thangata, ntchito yokakamiza ija, pa minda ya azungu ku Magomero, za kalata imene Chilembwe analemba kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo ya azungu ya 1914 imene sinali yawo, ine chete, mutu pansi. Magomero abale, pompa apa, ine wobadwira ku Zomba ndikuuzidwa za Magomero ndi mwana amene sanapondepo mu Africa. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anandiwotcha kuposa chilichonse.

Usiku omwewo ndinayamba kuwerenga mu laibulale, nkupeza kuti Chilembwe naye anali mwana wasukulu wopita kunja, ananyamuka mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth kupita ku America, anakaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, mu 1900 nkubwerera kwawo kudzayambitsa mishoni ndi masukulu. Anabwerera. Zimenezo zinandikhala pamtima.

Loweruka lina ndinakwera sitima kupita ku Blantyre yawo, kamtunda kochepa kuchokera mu Glasgow, ka tauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kamene Blantyre yathu inatengera dzina mu 1876. Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813 ilipobe, banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, iye anayamba kugwira ntchito mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Anasunga zonse, ana asukulu amabwera kudzaona. Kenako mu November ndinasonkha timapaundi tanga nkukwera basi ya usiku kupita ku London, cholinga chimodzi basi, kukaona chosema cha Chilembwe pa Trafalgar Square chimene anapanga Samson Kambalu, Mmalawi amene anaphunzira pa Chanco, yunivesite yathu ya ku Zomba pompa. Chinaikidwa pamenepo mu 2022. Chilembwe anali atayima wamtali, chipewa chili kumutu, pambali pake mzungu mnzake wa mishoni John Chorley wamfupi, kutengera chithunzi cha 1914, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Ndinayima pamenepo nthawi yaitali, anthu akungodutsa ndi makofi awo, ine misozi ili mbwembwembwe, ndikuganiza kuti ndachita kuwoloka nyanja kuti ndidzamuone munthu amene tchalitchi chake chili pa Chiradzulu pomwe sindinapiteko ngakhale kamodzi.

Mwezi omwewo wa November ndi pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Foni yanga inadzadza mameseji, amalume akuti mphwanga usabwere, kuno kwaipa, pezako kaganyu ubisale. Amayi okha ndi amene sananene choncho, ankangofunsa ngati ndikudya. Sindinama, ndinaganizirapo usiku angapo. Ndipo sindikunyoza aliyense amene anatsala kunja, anthu akudyetsa mabanja ndi kulipirira ana fizi ndi ndalama zimenezo, umphawi si wosewera nawo. Koma viza yanga inali ya miyezi yochepa yosalola ganyu, kutsala kunali kukhala moyo wothawathawa, digiri kuisiya panjira, ndi kutsekera khomo ana ena amene akanadzapita pambuyo panga, chifukwa mmodzi akathawa amene amapereka mwayi aja amayamba kutikayikira tonse. Zimenezi anthu sakonda kuzimva koma ndi mmene ndikuonera ine.

Chimene chimandipweteka ndi choti tikamva kuti wina wapita kukaphunzira kunja timangowerengera jekete, foni ndi kalankhulidwe, ngati wabwera akulankhulira m'mphuno nde kuti waphunzira. Ena obwerawo nawonso amafika nkumanyansidwa ndi fumbi la kwawo, chilichonse kumangoti kunja sizitero. Miyezi inayi singakusandutse munthu wina, ine ndine yemwe uja, ndimakwerabe kabaza, ndimagwadabe popereka madzi kwa akulu. Chimene chasintha nchoti pano ndimakweza mkono mkalasi olo mtima ukugunda, ndikapanda kumva ndimafunsa, ndipo ndikamayenda mu Zomba muno maso anga ali kwina. Zaka zitatu ndinkadutsa nyumba zakale za boma zija osalabadira kuti tauni ino inali likulu la dziko mpaka 1975, osadziwa kuti National Archives, kumene anthu amachokera mayiko akutali kudzawerenga mapepala a mbiri yathu, ili konkuno koyenda wapansi. Ndalowamo tsopano, kawiri, ndipo ndikufuna pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ikhale ya thangata.

Pa 15 January ndinamutenga mng'ono wanga wa folomu 2, tinakwera minibasi mmamawa kupita ku PIM. Njira yonse ankandifunsa za ndege, ngati mumakhala chimbudzi, ngati makutu amapwetekadi. Titafika pa tchalitchi paja anthu ali yakaliyakali, makwaya akuyimba, anakhala chete kanthawi kenako nkundikoka malaya, akuti achemwali, nde munthu ameneyu anamupheranji? Tinakhala pansi pa mtengo, ndinayamba kumufotokozera kuyambira pa thangata, mpaka chimanga chootcha tinagula chija chinazizira m'manja.