Chomata cha i7 chisakunamizeni pogula laputopu ya nyimbo

Anzanga oimba kiyibodi, ndi inu a masitudiyo a m'nyumba, nkhani ya purosesa, ubongo wa kompyuta, ikutitayitsa ndalama. Munthu akangoona chomata cha i7 mtima umakhala pansi, amvekere wapeza makina. Komatu i7 ndi dzina chabe la banja la mapurosesa a Intel. Yang'anani chilembo chakumapeto kwa nambala imene imatsatira i7, monga U pa i7-1255U. Ya U anaipangira kusunga batire, imadya mawati pafupifupi 15. Ya H imafika 45, ndipo ndi imene imapirira ntchito yathuyi.

Ife timalimbana ndi nthawi. Mukaika buffer (kagawo ka mawu kamene kompyuta imakonza pa nthawi imodzi) pa 128 mukujambula pa 48 kHz, kompyuta imakhala ndi mamilisekondi osakwana 3 oti ikonze mawu onse n'kuwapereka ku sound card. Ikachedwa kamodzi kokha, masipika amathetheka. Mukakweza buffer kufika 1024 kuthetheka kumatha, koma kuchedwa kwa mawu kwafika mamilisekondi 21. Chala chadinda kale, mawu akubwera m'mbuyo, woimba n'kusokonezeka.

Ambiri amawerenga ma core, tizigawo ta purosesa timene timagwira ntchito patokha. Pa tiraki imodzi, zopangira ndi zokonzera mawu monga synth, EQ, compressor ndi reverb zimatsatana ngati mzere wa kuchigayo, wachiwiri sayamba woyamba asanamalize, ndipo mzere wonsewo umagwera core imodzi. Ma core ambiri amathandiza posakaniza matiraki ochuluka, koma poimba pamaso pa anthu chofunika ndi liwiro la core imodziyo. Taonani i7-1255U: ma core 10, koma amphamvu ndi 2 okha, ena 8 ndi osunga batire.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kutentha. Mwezi wa October wina tinkayeserera nyimbo za ukwati m'tchalitchi cha malata. Mnyamata wathu wa kiyibodi anabwera ndi laputopu yopyapyala imene anaisungira ndalama chaka chonse. Poyamba inaimba bwinobwino. Kenako fani inayamba kulira, pansi pake potentha ngati chiwaya, purosesa n'kudzichepetsa liwiro kuti isapse. Kwaya ikulowa kolasi, piyano inayamba kudukaduka. Ndinamuona akuchotsa manja pa kiyibodi n'kuyang'ana pansi, mpaka lero ndimamumvera chisoni.

Pa Windows palinso vuto lina: driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) ya Wi-Fi kapena ya graphics imatha kugwira purosesa kwa kanthawi, mawu n'kuduka ngakhale makinawo ali amphamvu. Pulogalamu ya LatencyMon imaonetsa zimenezi.

Ma Mac a purosesa ya M1, amene anatuluka mu 2020, ndimawayamikira. Satentha msanga, ndipo magetsi akathima liwiro silitsika pa batire. Kungoti mtengo ndi wokwera, komanso RAM simungawonjezere pambuyo pake.

Ine ndikapita kogula ndimanyamula sound card yanga, mahedifoni ndi fulashi ya project yolemera. Ndimapempha wogulitsa mphindi 30, buffer pa 128, Wi-Fi ili yoyatsa, kenako ndimasolola chaja n'kumvetseranso. Akakana, ndimathokoza n'kupita sitolo ina.