Satifiketi ya ma seva: Germany ndi France akusiyana pati?

Amene mukufuna ntchito yoyang'anira ma seva (makompyuta otumikira makompyuta ena pa netiweki) a Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, koma mutu ukuzungulira kuti mutenge satifiketi iti, taonani kaye momwe maiko awiri oyandikanawa amachitira.

Ku Germany wachinyamata amalowa pa kampani zaka 3, masiku ena ali ku sukulu masiku ena akugwira ma seva enieni ndipo akulandira kangachepe, pomaliza mayeso amakalemba ku IHK, bungwe la zamalonda ndi mafakitale. Ku France ambiri amadutsa BTS SIO, dipuloma ya za makompyuta, zaka 2 akamaliza sekondale, nthawi yambiri mkalasi. Apa ine ndili mbali ya Germany basi, munthu amene waonapo seva itagwa mabwana ali pakhosi amakhwima msanga.

Koma pankhani ya sapoti, thandizo la akatswiri makina akavuta, zimatembenuka. Gendarmerie ya ku France, apolisi aja, inakonza Linux yake GendBuntu kuchokera ku Ubuntu, mtundu wina wa Linux, cha mu 2008, akatswiri awo omwe ndi amene amaisamalira ndipo ikuyendabe pa makompyuta masauzande ambirimbiri. Mzinda wa Munich ku Germany unayesanso zomwezo ndi Linux yake LiMux koma mu 2017 khonsolo inavota kuti abwerere ku Windows, ndale zinalowapo inde, komanso kudzisamalira nokha kumafuna anthu odziwa ndi mabwana osasinthasintha maganizo. Chonsecho SUSE, kampani ya Linux yomwe inayamba mu 1992 ndipo imagulitsa sapoti yeniyeniyo, ndi ya ku Nuremberg, ku Germany konko.

Ndiye musanalipire mayeso dzifunseni kuti kumene mukufuna kukagwirako, seva ikafa usiku amaimbira ndani? Ngati amalipira Red Hat (kampani inanso ya Linux) kapena SUSE, tengani satifiketi ya kampani yomweyo. RHCSA, satifiketi ya Red Hat, mayeso ake ndi ogwira ndi manja, amakupatsani makina mukonze, palibe zolotera, ndipo imatha pakapita zaka 3. Komanso sapotiyo musaipeputse abale, ma patch (zokonzera zolakwika mu pulogalamu) amabwera pa nthawi yake ndipo vuto likakukulirani mumatsegula tikiti, kutanthauza kutumiza dandaulo, kwa anthu amene analemba kodiyo mmalo mofufuza pa intaneti mpaka kucha.

Ngati ndi malo odzidalira okha, ogwiritsa ntchito Linux ya Debian kapena Ubuntu yopanda kontirakiti, satifiketi ya LPIC-1 ndiyabwino poti siimangirira ku kampani imodzi, mayeso awiri 101 ndi 102, imakhala zaka 5. Kungoti ndi oyankha mafunso, ndiye ikani Linux pa kompyuta yakale muziiononga ndikuikonza nokha, chifukwa kumeneko woimbiridwa usikuyo mudzakhala inuyo.