Chenjezo kwa atsikana oimba ndi makolo awo: onani chimene chinagwetsa Mary Jane Girls

Ana anga, inu atsikana amene Mulungu anakudalitsani ndi mawu okoma, komanso inu makolo amene mumangolulutira mwana akanena kuti wapeza bwana womujambulira nyimbo, lero ndikudzudzulani poyera. Mukupereka luso lanu lonse m'manja mwa munthu mmodzi, osafunsa kuti dzina la gulu ndi la yani, nyimbo zalembetsedwa m'dzina la yani, kapena kuti mudzalowera kuti tsiku limene munthuyo adzapunthwe.

Ku America kunali gulu la amayi anayi lotchedwa Mary Jane Girls, limene linkaimba nyimbo za funk. Analiyambitsa ndi Rick James, woimba wa ku kampani ya Motown, amene pa nthawiyo mbiri yake inali itafika ponseponse chifukwa cha chimbale chake cha Street Songs cha mu 1981. Iye ndi amene anasankha oimbawo, amene anthu ankawadziwa ndi mayina akuti JoJo, Candi, Maxi ndi Cheri. Iye ndi amene anawapatsa dzina la gulu, limene linafanana ndi mutu wa nyimbo yake ya mu 1978. Iye yemweyo ndi amene ankapeka nyimbo zawo ndi kuyang'anira kajambulidwe kake, ndipo anafika pogawira aliyense maonekedwe ake a pa siteji, mwakuti Maxi ankatulukira atavala zachikopa ngati mayi wovuta, pamene Candi ankaoneka ngati dona wa m'tauni. Tandiuzani, pa zonsezi chawochawo chinali chiyani kupatula mawu ndi nkhope?

Zinthu zinayamba bwino kwambiri. Chimbale choyamba chinatuluka mu 1983 ndipo munali nyimbo ya All Night Long. Chachiwiri, Only Four You, chinatuluka mu 1985, ndipo nyimbo ya In My House inakwera mpaka pa nambala 7 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, malo amene magulu ambiri amakalamba osawafika. Cheri atachoka, m'malo mwake munalowa Yvette Marine, ndipo gulu linapitirira ngati palibe chachitika, zimene zikanayenera kutsegula maso otsalawo kuti aliyense wa iwo akhoza kusinthidwa.

Kenako mwini zonse uja anayamba kuterereka. Rick James anali kapolo wa mankhwala osokoneza bongo a cocaine, ndipo ubale wake ndi Motown unasokonekera mpaka nkhani kufika ku khoti. Amayi aja anali atajambula kale chimbale chachitatu, koma chinangotsekeredwa m'kabati ya kampani, ndipo pofika mu 1987 gulu linali litatha, patangopita zaka 4 chitulukireni chimbale choyamba. Anthu sanatope nawo. Anagwa chifukwa chakuti anamanga nyumba yawo pa malo a mwini. Chimbale chachitatu chija chinadzatuluka mu 2014, pamene Rick James anali atamwalira kale mu 2004. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti All Night Long sinafe: oimba monga LL Cool J ndi Mary J. Blige anatapamo popanga nyimbo zawo, koma pa nkhani ya umwini wa nyimbo, dzina limene limawerengedwa ndi la wopeka, osati la amene anaitulutsira mawu.

Tsono inu, mukaitanidwa ku situdiyo, musathamangire kusaina pepala limene simunaliwerenge chifukwa chochita manyazi ndi bwana amene wakugulirani chakudya ndi nsapato. Litengeni pepalalo, mukalionetse kwa munthu wodziwa malamulo. Ngati mwapekako ngakhale ndime imodzi, dzina lanu lilembedwe, ndipo inu a ku Malawi kuno mukalembetse ntchito yanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za anthu aluso. Mukaona kuti amene akukutsogolerani wayamba kubwera ku ntchito ataledzera kapena atasuta, musamuikire kumbuyo ponena kuti ndi mmene alili anthu aluso. Ndipo inu makolo, lekani kufunsa za ndalama ya lero yokha. Mufunseni bwanayo pamaso pa mwana wanu kuti iye akadzakangana ndi kampani, nyimbo zimene zajambulidwa kale zidzakhala m'manja mwa yani.