Amayi anzanga, misozi ya pa chitsitsimutso siibweza ngongole

Amayi anzanga a kuno ku Kasungu, kuyambira pa Boma mpaka ku Santhe, Chamama, Chulu ndi Nkhamenya, ndiloleni ndilankhule monga mayi wanu wamkulu. Fodya wapita ku msika wa Chinkhoma, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo nyengo ya misonkhano ya chitsitsimutso yayandikira. Makwaya ayamba kale kusula mawu, atelala ali kalikiliki kusoka mayunifolomu, m'milaga akusonkha ufa ndi nkhuni za alendo. Zonsezi n'zabwino, ndipo nanenso ndidzakhala komweko Mulungu akalola. Koma mtima wanga suli m'malo, chifukwa chaka ndi chaka ndikuona chinthu chimodzimodzi. Tikulira kwambiri, koma sitikulapa.

Mlaliki akafika pachimake n'kuitana ofuna kutembenuka mtima, oyamba kudzuka timakhala ife. Abambo amayamba ayang'ana uku ndi uku. Ife timathamanga mwana ali kumsana, kukagwada pafumbi, misozi ili chuchuchu, duku kugwa osalitola. Misozi imeneyo sindikuinyoza ayi, pakuti Mawu akalasa mtima munthu amaliradi. Chimene chikundiwawa n'cha Lolemba m'mawa. Mayi yemwe uja wafika pa mjigo, wapeza mlamu wake amene anayambana naye pa nkhani ya malire a dimba. Ndowa pamutu, nyimbo ya dzulo ili pakamwa, moni palibe. Umenewu ndi moto wa mapesi, ana anga. Umalilima mpaka a mudzi wina kuona kuwala, koma mphika wa nyemba sungapse nawo.

Tsegulani Luka 3. Anthu atakhamukira kwa Yohane Mbatizi, iye sanawayamikire kuti mwabwera ambiri. Anawauza kuti abale zipatso zosonyeza kulapa. Atamufunsa kuti nanga tichite chiyani, anayankha zinthu zogwirika ndi manja: wa malaya awiri apatseko amene alibe, wa chakudya achite chimodzimodzi, okhometsa msonkho asalipiritse koposa zimene anawalamula, asilikali asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo. Palibe amene anauzidwa kuti alire mokweza. Zakeyu nayenso, pa Luka 19, Ambuye atalowa m'nyumba mwake anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo amene anamulanda kanthu amubwezera kanayi. Chikhululukiro sichigulidwa, chimenecho tonse tinaphunzira m'kalasi. Mwazi wa Yesu ndiwo utisambitsa. Koma munthu amene wasambitsidwadi sagona tulo katundu wa mnzake ali m'nyumba mwake.

Tsono tifike pakhomo pathu. Inu mayi amene munatenga ndalama ku banki mkhonde kuti muyambe geni ya kaunjika, nthawi yogawana inakwana, anzanu anakudikirani mpaka dzuwa kulowa, inu osaoneka. Pakati pa anzanuwo panali mayi wamasiye amene ankawerengera ndalama imeneyo kuti agule feteleza, ndipo chimanga chake chinafiira m'munda iye akuyang'ana. Mwasiya kudutsa njira ya kwawo. Mwafika posamuka mpingo kuti musamakumane nawo Lamulungu, ndipo kumene mwapitako mukuchitira umboni kuti Mulungu wakutsegulirani makomo. Mayi, opani Mulungu. Amene wakutsegulirani khomo limenelo si Iye. Ndi thukuta la mnzanu limene mwavala.

Ndi inunso okongoza katapila mu Januwale ndi Febuluwale, njala itafika povuta. Mumadikira dala kuti mnzanu apanikizike, n'kumupatsa ndowa imodzi kuti adzabweze ziwiri kapena zitatu, akalephera mukamasule mbuzi yake. Lachinayi mwavala zoyera, mukutsogolera pemphero, mwini mbuzi uja atakhala kumbuyo kwanu. Mukuganiza kuti "ameni" wake akuchokera pansi pa mtima?

Kuno kwathu ndi kwa fodya, ndiye nkhani iyi isatidutse. Yakobo 5:4 akuti malipiro a antchito amene anakolola m'minda yanu, amene munawamana mwachinyengo, akufuula, ndipo kulira kwawo kwafika m'makutu a Ambuye wa makamu. Boma linathetsa utenanti mwalamulo m'chaka cha 2021, koma tonse tikudziwa kuti m'zigafa mukadali mabanja ochokera kutali amene amagwira chaka chathunthu n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Ambiri timasamba m'manja, timati zimenezo n'za abambo, eni munda. Nanga amene amayeza phoso ndani? Amene amalemba m'kope sopo, mchere ndi matemba pa mtengo wowirikiza, kuti mabelo akagulitsidwa ngongole idye malipiro onse, ndani? Kawirikawiri kope limenelo limasungidwa ndi mayi wa pakhomo. Safira, pa Machitidwe 5, sanapulumuke chifukwa choti maganizo obisa ndalama anayamba ndi mwamuna wake Hananiya. Anagwirizana naye, ndipo anyamata amene anaika mwamuna wake m'manda ndi omwewo ananyamulanso mtembo wake.

Kuli kamtsikana kaja munakatenga kumudzi mutalonjeza amayi ake kuti mukaphunzitsa sukulu. Lero ndi kamene kamadzuka tambala woyamba, kamagona kukhitchini, kamadya mkute ana anu akumwa tiyi wa mkaka. Inu mukapita ku mapemphero a usiku wonse, ndi kamene kamatsala ndi ana. Za kunyowetsa mtedza kuti ulemere pa sikelo ndi kuthira mchenga mu soya sinditaya nazo nthawi. Mukudziwa nokha kuti ndi kuba, ndipo mtedza wonyowawo umachita chuku chimene chimadwalitsa ana a anthu ena.

Pali khalidwe lina latsopano limene landikwiyitsa koposa, ndipo apa ndilankhula ndi inu atsikana ndi amayi achichepere. Mnzanu wagwidwa ndi Mawu, waimirira akunjenjemera, akuulula zimene wazisunga mumtima zaka zambiri. Mwina anachotsa pakati ali pa sukulu, mwina anayenda ndi mwamuna wa mwini. Inu m'malo moweramitsa mutu mwatulutsa foni. Msonkhano usanathe kanema uja ali kale pa WhatsApp, mawa ali pa Facebook, apongozi ake aona, ana ake akusekedwa ku sukulu. Mukafunsidwa mukuti mumagawa umboni kuti ena apindule. Bodza! Ndi miseche yomwe ija ya pa mtondo, kungoti tsopano ikuyenda pa intaneti. Mwatenga munthu amene amabwerera kwa Atate wake n'kumuvula pamsika. Taganizani amayi angati amene anaonera kanemayo n'kulumbira mumtima kuti ine zanga ndidzafa nazo. Mwawatsekera khomo la kulapa, ndipo mlandu umenewo mudzauyankha.

Atsogoleri a misonkhano, nanunso musamakakamize munthu kuulula zonse pa chimkuzamawu. Tchimo limene munthu walakwira Mulungu m'seri akaliulule kwa Mulungu, ndipo ngati likumulemera apite kwa abusa, kwa mayi busa kapena kwa mlangizi wosunga chinsinsi. Limene walakwira mnzake akalikonze ndi mnzakeyo. Mateyu 5:23-24 sanena kuti ukauze khamu. Akuti siya mtulo wako patsogolo pa guwa, pita ukayambe wayanjana ndi m'bale wako, kenako udzapereke. Nthawi yoitanira anthu kutsogolo ikakwana, lengezani kuti mafoni alowe m'zikwama, ndipo madikoni ayang'anire.

Ndiye pali kuyendayenda. Lero kuphiri, mawa kwa mneneri wafika kumene pa sitolo, mkuja kwa wina amene akuti amaona za m'tsogolo. Ndalama ya fizi yapita ku "mbewu", ya ndiwo yagula kabotolo ka mafuta. Chimene chimatikokera kumeneko ndikuchidziwa. Kumeneko sakuuza kuti lapa. Amakuuza kuti vuto lako ndi munthu wina: apongozi ako, mkazi mnzako, azakhali ako, agogo ako. Uthenga wotere umakoma, chifukwa umakusiya iwe woyera n'kuda wina. Paulo anachenjeza Timoteo za anthu olowerera m'nyumba n'kukola akazi olemedwa ndi machimo, ophunzira nthawi zonse koma osafika pozindikira choonadi. Werengani 2 Timoteo 3:6-7 musanakwiye nane.

Zotsatira zake taziona ndi maso. Agogo amene anakulerani, amene anakutafunirani chakudya muli khanda, lero mukuwatcha mfiti chifukwa mnyamata wovala suti wanena. Mwawamana chakudya, mwaletsa adzukulu kulowa m'nyumba mwawo, ndipo m'madera ena a dziko lino okalamba aphedwa kumene chifukwa cha mawu otere. Lamulo la dziko, lija la 1911, limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo lamulo lachisanu la Mulungu likuti lemekeza atate ako ndi amako. Chitsitsimutso chimene chikukudanitsani ndi amayi anu okubalani sichichokera kwa Mzimu Woyera. Enanso ataya ma ARV atauzidwa kuti achira, mankhwala amene boma linayamba kupereka ulere m'chaka cha 2004 ndipo asunga amayi ambiri mpaka kuona adzukulu. Tawaika m'manda ena mwa iwo, ife a zoyera tikuimba. Pempherani ndithu, Mulungu amachiritsa, koma mankhwala imwani, ndipo wonena kuti musiye akhale dokotala amene wakuyezani.

Ndisanapitirire, mawu awiri kwa iwe mwana wanga amene ukumenyedwa m'nyumba. Usamve ngati ndikuti ulape chifukwa cha zibakera za mwamuna wako. Tchimo limenelo ndi lake. Wokuuza kuti ungopirira ndi kusala kudya pamene nthiti zikuthyoka sakukufunira zabwino. Uza ankhoswe, uza akulu a mpingo, ndipo zikapitirira pita ku polisi, kuli ofesi yothandiza ozunzidwa m'banja. Abambo amene mukuwerenga mobisa, mlaliki akaitana musamatumize akazi anu kutsogolo ngati kuti machimo a pakhomo ndi awo okha.

Tsopano ife akuluakulu. Uthenga Wabwino unafika ku Mvera, m'boma la Dowa, m'chaka cha 1889, ndipo Chigwirizano cha Amayi, gulu la amayi a CCAP mu Sinodi ya Nkhoma, chinayamba mu 1940. Amayi athu amene anatitsogolera m'gulu limeneli ambiri sankadziwa kulemba bwino, analibe zimkuzamawu, koma ankayenda pansi kukaona odwala, kutungira madzi okalamba, kuphunzitsa ana Mawu. Mgonero ukayandikira, munthu sankayerekeza kukhala pa gome ali ndi mangawa ndi mnzake. Ankayamba wapita kukagogoda. Amayi a Mvano, a Umanyano, a Dorika, a Chikatolika, nonse muli ndi mbiri yofanana ndi imeneyi, ndiye pasakhale wonena kuti akudzudzula mpingo wa eni. Tito 2 akutilamula ife akazi okalamba kuti tisakhale odyerekeza anzathu kapena akapolo a mowa, koma ophunzitsa zokoma. Nanga tikuphunzitsa chiyani pamene tikukanganirana mipando, kuwerengerana nsalu pa maliro, ndi kunong'onezana za mtsikana amene watenga pakati m'malo mopita kukakhala naye pansi? Mtsikana akadulidwa mu mpingo, ndani mwa ife amapita kukamuona sabata yotsatira? Ambiri amathera kwa aneneri aja chifukwa kwathu anapeza zala zowaloza zokhazokha.

Kumbukirani za Hulida pa 2 Mafumu 22. Buku la chilamulo litapezeka m'Nyumba ya Mulungu, mfumu Yosiya anang'amba zovala zake n'kutuma wansembe Hilikiya ndi nduna zake kwa mayi ameneyu. Hulida sanawanyengerere, ngakhale anali atumiki a mfumu. Ananena zimene Mulungu ananena. Ndipo Yosiya sanathere pa kulira. Mutu wotsatirawo ukumuonetsa akutulutsa mafano m'kachisi n'kuwatentha. Ifenso tili nazo zotulutsa. Kachithumwa kaja kali m'chiuno mwa mwana pansi pa malaya a ubatizo, mankhwala aja munakwirira pakhomo kuti bambo asayang'ane kwina, nambala ija mumaifufuta mukatha kuyankhulana nayo usiku. Simungazisunge n'kumati mwatsitsimuka.

Choncho msonkhano wa chaka chino usanafike, khalani pansi panokha, Baibulo lili pamiyendo, muwerenge Salimo 51 mosathamanga. Mufunse Mulungu akuonetseni dzina la munthu amene muli naye mlandu, ndipo sadzachedwa kukuonetsani, pakuti dzinalo mukulidziwa kale. Mukatero nyamukani. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani mlangizi kapena mkulu wa mpingo wa m'dera lanu. Ngati ndi ndalama ndipo yonse mulibe, pitani ndi yochepa yomweyo, mukagwirizane pamaso pa mboni masiku obwezera yotsalayo, ndipo masikuwo muwasunge. Ngati munamuipitsira mbiri pa gulu la WhatsApp, mukakonze pa gulu lomwelo, osati kuseri. Kamtsikana kaja kabwerere ku sukulu teremu ikubwerayi, yunifolomu mugule ndinu. Mukakafika musakayambe ndi "komanso inu munandilakwira". Nenani mbali yanu, mupemphe chikhululukiro, mutseke pakamwa. Akakubwezani pakhomo musakatukwane pobwerera, dikirani mtima wawo utsike mudzapitenso. Ndipo ngati amene munamulanda uja anamwalira, ana ake alipo, kaperekeni kwa iwo.